Ndemanga: app yophunzitsa poker ya anthu awiri, ndaipatsa nyenyezi zinayi

App imeneyi ndakhala ndikuigwiritsa ntchito kuchokera nyengo yozizira mpaka kutentha kuno kwa Okutobala, makamaka madzulo ndikatseka shopu pa Mangochi boma. Ndinalipira gawo lake la maphunziro, sindinathere pa laulere lokha. Kwa amene mwayamba kale kukwinya nkhope, ndinene msanga kuti mulibe ndalama zenizeni mmenemu. Timakobidi take ndi tamasewera, simungatisandutse makwacha. Kuno kwathu, kumzikiti ndi kutchalitchi komwe, njuga sitiiona bwino, ndipo ikanakhala yandalama sindikanaiika pafoni yanga.

Imaphunzitsa Texas Hold'em, mtundu wa poker umene aliyense amalandira makhadi awiri ake ndipo ena asanu a onse amatsegulidwa pakati. Iyi ndi ya heads-up, anthu awiri okha patebulo. Phunziro loyamba ndi la mpando. Amene ali pa button, mpando wa wogawa makhadi, ndiye amaika small blind, yaing'ono mwa mabeti awiri okakamiza amene amaikidwa makhadi asanagawidwe, ndipo amayamba kusewera makhadi apakati asanatsegulidwe, koma flop (makhadi atatu oyamba apakati) ikangotuluka iyeyo amasewera pomalizira mpaka gemuyo ithe. Kusewera pomalizira ndi mwayi waukulu chifukwa mumaona kaye chimene mnzanu wachita. N'chifukwa chake app imakukankhani kuti pa button muzilowa ndi makhadi ambiri, ngakhale K ndi 5 amene pa tebulo la anthu asanu ndi mmodzi mukanangowataya. Pa anthu awiri mumalipira blind gemu iliyonse, pomwe ma A awiri, makhadi oyambira abwino kuposa onse, amabwera kamodzi pa magemu 221. Mukati mudikire amenewo, timakobidi tanu tithera m'kudikirako.

Koma chimene ndaikondera zedi ndi mmene imafotokozera za bluff, kubetcha mulibe makhadi abwino kuti mnzanu ataye ake. Ambirife timaganiza kuti kupusitsa mnzako pa makhadi ndi nkhani ya kulimba mtima ndi nkhope youma. App iyi imakuikirani masamu pamaso. Tinene pakati pali timakobidi 1,000 ndipo inu mulibe kanthu. Mukaponya 500, mukuika 500 pachiswe kuti mutenge 1,000, ndiye mnzanuyo akamataya makhadi kamodzi pa katatu, simunaluze. Mukaponya 1,000 yathunthu, ayenera kutaya theka la nthawi. Kenaka imakukumbutsani kuti munthu amene ali ndi makhadi awiri osafanana, flop imamuphonya pafupifupi kawiri pa katatu, sapeza peyala iliyonse. Mukaphatikiza ziwirizi muona nokha chifukwa chake kubetcha pang'ono pa flop kumapindula kawirikawiri. Zili ngati bawo: wodziwa amawerenga nkhomo asanazitape. Mu 2017 pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa Libratus, ya ku Carnegie Mellon University, inagonjetsa akatswiri anayi a heads-up mumzinda wa Pittsburgh pa magemu 120,000, ndipo inkachita bluff bwinobwino ilibe nkhope yoti iumitse.

Pali gemu ina imene inandikhalira m'mutu. Ndinali pa button ndi 8 ndi 7, onse a mtima. Pakati panatuluka K wa mtima, 4 wa mtima ndi 2 wa sipedi. Kompyuta sinabetche, inandisiyira. Ndinalibe peyala, koma ndinaponya theka la zapakati, iyo n'kutaya. Gemu itatha app inandionetsa chifukwa chake ndinasewera bwino: makhadi a mtima alipo 13, anayi ndikuwaona, atsala 9, ndipo mwayi woti limodzi lituluke pa turn (khadi lachinayi lapakati) kapena pa river (lachisanu, lomaliza) uli pafupifupi 35 pa 100. Choncho ndinali ndi njira ziwiri zopambanira, mnzanga ataye pomwepo kapena flush, makhadi asanu a mtundu umodzi, ikwane. Umu ndi mmene woyamba kumene ayenera kuyambira bluff, ali ndi pothawira. Kuwunikanso gemu motere, sitepe ndi sitepe, ndiye gawo limene ndikuona kuti ndalama yanga inagwira ntchito.

Phunziro la river ndi lalifupi koma lili ndi nyama. Limati kubetcha kwanu kuzikamba nkhani yomveka. Ngati munakhala chete pa flop ndi pa turn, kenaka pa river patuluka 3 wopanda ntchito inu n'kuponya zonse, mukuti muli ndi chiyani? Mnzanu woganiza akugwirani. Limanenanso kuti mukamabetcha zofanana ndi zapakati pa river, pa maulendo atatu aliwonse awiri akhale a makhadi abwino, limodzi lokha la bluff. Ndipo kukula kwa beti kuzikhala kumodzimodzi, muli ndi kanthu kapena mulibe, apo ayi munthu akuwerengani msanga.

Malangizo amene ndawaona akugwira ntchito ndi maso anga ndi akuti osamuchita bluff munthu amene sataya makhadi. Alamu anga a ku Mpondasi timasewera nawo Lamlungu pakhonde, zitsekerero za mabotolo ndiwo timakobidi tathu. Iwowa safuna kutaya, amati "Alamu, nditaonako kaye chimene mwanyamula," ngakhale ali ndi peyala ya ma 2. Munthu wotere simumuwopseza. Mumadikira peyala yabwino, n'kumabetcha pa flop, pa turn ndi pa river, iye azikulipirani. App imazinena izi momveka, ndipo ndinakondwa kuti siikometsa bluff ngati ndiye poker yonse.

Nyenyezi yachisanu yagwera apa. Chodandaulitsa choyamba chikuchokera pa mfundo yomweyi. Mukalowa gawo losewera ndi anthu ena pa intaneti, ambiri amaponya zonse gemu iliyonse chifukwa timakobidi ndi taulere. Palibe amene amataya, ndiye zonse mwaphunzira za bluff mulibe poziyesera. Kompyuta ya mulingo woyamba nayonso imangoyankha beti iliyonse. Yambirani mulingo wapakati, ndi umene umasewera ngati munthu woganiza.

Chachiwiri, zonse zili m'Chingerezi ndipo wofotokoza m'mavidiyo amathamanga. Mphwanga amene anafika Fomu 4 amatsatira, koma alamu ndimachita kuwamasulira. Chachitatu ndi netiweki. Ndili pa minibasi kulowera ku Monkey Bay inaduka kanthawi, ndipo app inanditayira makhadi pakati pa gemu, osandidikira n'komwe. Maphunziro olembedwa ndi kusewera ndi kompyuta zimatheka popanda bandulo, zimenezo ndayamika, koma mavidiyo amadya data, ndiye atsitseni muli ndi bandulo ya usiku.

Chimene chandikhumudwitsa kwenikweni ndi zotsatsa za m'gawo laulere. Pakati pa magemu pamatulukira makampani obetcha ndalama zenizeni, batani lake lalikulu pomwe chala chimagwera. Ku Malawi kuno munthu wosakwana zaka 18 saloledwa kubetcha, koma app siifunsa zaka, ndipo mafoni athuwa ana amawagwiragwira tikawasiya patchaja. Mukalipira zotsatsazo zimachoka. Ngati simulipira, ikani loko pa app imeneyi musanasiye foni pakhomo, ndipo eni ake ndikuwapempha achotse zotsatsa zimenezi ngakhale kwa osalipira.