Chitsulo cha 1084 pa moto wa makala: ubwino wake ndi pomwe chimavuta

Kwa munthu wopanga mipeni pakhomo, amene ali ndi makala ndi mvukuto basi, wopanda chida choyezera kutentha, chitsulo choyenera kuyamba nacho ndi 1084. Osula ambiri kwathu kuno amadalira masipuling'i a galimoto ndi matupa akale. Zimatheka ndithu, koma umakhala ukungoyerekeza. Masipuling'i ambiri ndi a chitsulo cha mtundu wa 5160 koma si onse, ndipo akale amabisa timing'alu tomwe timaonekera mpeni utatha kale. Matupa ena otsika mtengo ndi olimba pamwamba pokha. Pa 1084 umadziwa chimene wagwira, ndipo ndalama zako zimapita pa chimenecho.

Dzinali ndi la ku America, ndipo manambala awiri omalizawo akunena kaboni: pafupifupi 0.84 peresenti. Muli manganese wa pakati pa 0.6 ndi 0.9 peresenti. Kaboni wochuluka chonchi amasungunukira m'chitsulo mwachangu chikangofika pa kutentha koyenera, choncho sipafunika kuchisunga pamoto kwa mphindi zambiri, zomwe pamakala n'zovuta. Manganese ndiye amapereka mpata poviika chitsulo chamoto m'mafuta kuti chilimbe, moti mafuta ophikira amakwanira. Mnzake wa 1095 ali ndi manganese wochepa, ndipo ukachedwa pang'ono kapena mafuta akakhala olemera, amatuluka wolimba mwa apo ndi apo.

Chimagulitsidwa chili chofewa, m'mizere yafulati. Wokhuthala mamilimita 3 ndi wabwino pa mipeni yambiri. Sowo ya zitsulo ndi tupa zimadya bwinobwino. Boolani mabowo a chigwiriro musanachilimbitse, chifukwa pambuyo pake mudzangotentha dirilo. Kukamwa kwa mpeni musakusongole mpaka kuthwa, siyani pafupifupi milimita imodzi. Kukapyapyala kwambiri kumatuluka m'mafuta kuli kokhotakhota ngati lata.

Anthu ambiri amadumpha gawo lokonza chitsulo chisanalimbitsidwe, ndipo n'kulakwa, makamaka ngati mpeniwo wasulidwa ndi hamala. Utenthetseni kufika madigiri 870 a Celsius, muusiye uzizire pamphepo mpaka kufiira kuthe. Bwerezani kawiri, ulendo uliwonse moto wocheperako, womaliza pongodutsa pamene maginito asiya kugwira chitsulocho.

Ntchito yeniyeni yagona pa moto wolimbitsira. Maginito amasiya kugwira chitsulo pa madigiri 770, pomwe 1084 amafuna pafupifupi 815. Ndiye maginito akasiya, musathamangire m'mafuta, onjezani moto pang'ono kuti kufiirako kuwale pang'ono chabe. Mchere wa pandiwo umasungunuka pa madigiri 801, ndipo timibulu tingapo pa mpeni tikasanduka madzi, mwayandikira. Chitani zimenezi madzulo kapena mumthunzi wandiweyani, chifukwa padzuwa chitsulo chimaoneka chakuda chitapsa kale. Kwirirani paipi yachitsulo m'makala n'kulowetsa mpeni m'kati mwake, msana pansi, kuti moto ufike paliponse mofanana. Nsonga ndiyo imayamba kupsa, choncho iziyang'ana kumene moto wachepa.

Apa ndi pamene chitsulochi sichikhululuka. Chikafika pa mtundu wa lalanje wowala n'kuviikidwa, chimalimba, tupa imatsetsereka, koma m'kati chawonongeka. Yesani pa kachidutswa kotsala: kalimbitseni, kapaneni pa vaisi, kaphimbeni ndi nsanza n'kukathyola ndi hamala. Pothyokapo pakaoneka potuwa, posalala ngati ufa woyera, moto unali bwino. Pakaoneka timibulu tonyezimira ngati shuga, munapsereza, ndipo mpeni wotero umabenthuka ukakumana ndi fupa.

Mafuta akhale malita anayi kapena kuposa, m'chitini chachitsulo chokhala ndi chivundikiro chozimitsira moto ukabuka. A canola ndi amene opanga mipeni ambiri amagwiritsa ntchito, koma a soya kapena mpendadzuwa amagwiranso pa mpeni wopyapyala. Atenthetseni kufika madigiri 50 mpaka 55 poviikamo chitsulo china chamoto, chifukwa mafuta ofunda ndi opepuka ndipo amachotsa kutentha msanga kuposa ozizira. Kuchoka pamoto kufika m'mafuta pasadutse sekondi imodzi kapena ziwiri. Lowetsani nsonga poyamba, muziyendetsa mpeni ngati mukucheka mafutawo, osaupukusa cham'mbali, apo ayi upindika. Pakatha masekondi khumi utulutseni muuyang'ane. Ngati wakhota pang'ono, pali kanthawi kochepa kouwongola ndi magolovesi okhuthala usanaume gwa. Madzi alekeni. Mumangomva kuti "thi!" ndipo mng'alu wadutsa kale kukamwa. Oyilo wakale wa galimoto nayenso ayi: amachedwa kuziziritsa, ndipo utsi wake ndi woipa m'chifuwa.

Mpeni ukazizira, pitsanipo tupa. Ikayamba yadya pang'ono musataye mtima, pamwamba pamakhala kakhungu kofewa komwe moto unachotsapo kaboni. Palani pang'ono, pansi pake tupa iyenera kutsetsereka ngati pagalasi. Pamenepa chitsulo chili cha m'ma 65 pa sikelo ya Rockwell yoyezera kulimba kwa zitsulo, chosachedwa kusweka, ndipo kuchisiya usiku wonse chili chonchi n'kuika ntchito yonse pachiswe. Tsukani mafuta, lowetsani mu uvuni wa madigiri 200 kwa maola awiri, chizizire, mubwerezenso maola awiri. Chimatsikira cha m'ma 60, pomwe mpeni umagwira kuthwa koma osabenthuka. Mauvuni a m'khitchini amakwera n'kutsika, choncho kwirirani mpeni m'thireyi ya mchenga wouma kuti kutentha kukhazikike. Ponola pa makina, muziviika m'madzi pafupipafupi. Malo aliwonse amene asanduka a buluu afewa, ndipo sabwereranso pokhapokha mutayambiranso pamoto.

Zofooka zake zilipo. Chimachita dzimbiri msanga: dulani tomato kapena mandimu n'kuusiya wosapukuta, mawa mupeza mawanga. Sichisunga kuthwa nthawi yaitali ngati zitsulo zodula zosakaniza zambiri, ngakhale kuti kunola kwake n'kosavuta, mwala wamba umakwanira. Chikakhuthala kupitirira mamilimita 6, mafuta ophikira amayamba kuchepa mphamvu, ndipo pamafunika mafuta opangidwira ntchitoyi monga Parks 50. Komanso chitsulo ndi katundu wolemera, ndiye woitanitsa kunja awerengere ndalama zotumizira pamwamba pa mtengo wake.

Pa zikwanje ndi nkhwangwa, sipuling'i yabwino ikadali patsogolo, chifukwa 5160 amapirira kumenyedwa kuposa 1084. Koma pa mpeni wa m'khitchini, wosendera nyama kapena wosemera, gulani mzere umodzi wa 1084, mudulepo tizidutswa titatu toyesera moto wanu, kenako muyambe mpeni.