BoreSnake ya Hoppe's: imapukuta mpope wa mfuti msanga, koma payokha siithana ndi chinyontho cha ku Mzuzu

Mfuti yotetezera pakhomo, pamunda kapena pamalo a ntchito imatha miyezi osaombedwa, ndipo kuno ku Mzuzu chimene chimaiononga kwambiri ndi dzimbiri. Mvula imakhalitsa mpaka Epulo ndi Meyi, kenako mu Juni ndi Julayi chifunga ndi mvula yowaza zimalowetsa chinyontho mpaka m'makabati. Amene ali ndi chiphaso cha mfuti chochokera kupolisi, komanso oyang'anira alonda, ayenera kuiyesa BoreSnake, chingwe chotsukira mkati mwa mpope wa mfuti cha kampani ya Hoppe's, ndi muyeso umenewu asanaitanitse kuchokera ku Johannesburg kapena kwina.

Chipangizochi n'chingwe chimodzi chachitali. Kutsogolo kuli kachitsulo kolemera ka mkuwa, kolembedwa saizi ya mpope umene chingwecho chimakwana. Pambuyo pake pali kachingwe kowonda kokokera, ndiye nsalu yoluka yokhuthala yomwe mkati mwake analukiramo timawaya ta bulashi, kenako mchira wautali wa nsalu yomweyo. Mukachikoka kamodzi, nsalu yakutsogolo imachotsa zinyalala zomasuka, bulashi imakwecha, mchira n'kupukuta. Gulani ya saizi yeniyeni ya mfuti yanu. Ya pisitolo ya 9mm imakwananso .38 ndi .357, ya mfuti yaitali ya .30 imakwana .308, .30-06 ndi .303, ndipo ya mfuti ya shotigani ya 12 gauge ndi ina payokha. Yaing'ono imangodutsa osakhudza makoma a mpope, pomwe yaikulu imatsakamira.

Musanachite chilichonse, chotsani magazini (kabokosi ka zipolopolo), tsegulani boti (chitsulo chotseka kumbuyo kwa mpope wa mfuti yaitali) kapena kokerani silaidi (chitsulo choyenda cha pamwamba pa pisitolo) kumbuyo, yang'anani ndi maso m'chemba, momwe chipolopolo chimakhala chisanaombedwe, mupisemo ndi chala. Zipolopolo zikhale m'chipinda china. Donthezani madontho asanu kapena asanu ndi limodzi a mankhwala osungunula litsiro, monga Hoppe's No. 9, pansalu ya kutsogolo kwa bulashi. Gwetsani kachitsulo kamkuwa kuchokera kuchemba kuti katulukire kukamwa kwa mpope, mbali imene chipolopolo chimadzera. Zengani kachingweko kudzanja n'kukoka mosadukiza, osaima panjira. Maulendo awiri kapena atatu akwanira. Pisitolo ndi bwino kuimasula kaye, mpope n'kuugwira pawokha m'manja.

Pa ntchito imeneyi BoreSnake njabwino ndithu. Imamaliza ntchito m'mphindi ziwiri, imakwana m'thumba la jekete, ilibe zidutswa zoti zitayike mu udzu, ndipo imalola kutsuka kuchokera kuchemba ngakhale mfuti zimene ndodo yotsukira mpope siingalowe chakumbuyo. Mlonda amene wanyowa ndi mame usiku wonse akhoza kuumitsa mpope asanabweze mfuti m'sefa, bokosi lachitsulo lokhoma losungiramo mfuti. Pa mfuti ya 12 gauge, imene mpope wake ndi wosalala mkati, ndiye imagwira ntchito bwino koposa.

Vuto loyamba n'lakuti nsaluyo imasunga zonse zimene yachotsa. Mwaye wa onga, tizidutswa ta mtovu ndi mchenga zimakanirira m'zolukazo, ndipo ulendo wotsatira mukuzibwezera mumpope. Choopsa chili kukamwa kwa mpope. Chingwe cha mchenga chikamakokedwa mopendeka, chimadya mbali imodzi ya kamwalo pang'onopang'ono. Chipolopolo chikamatuluka, mpweya wa onga umathawira mbali yodyekayo n'kuchikankha, ndiye zipolopolo zimayamba kumwazikana pachandamale ngakhale woombayo sanalakwitse kanthu. Matendawa ankadziwika kale pa mfuti zakale za .303, zimene asilikali ankatsuka ndi chingwe chokoka. Kokani molunjika ndi mpope, ndipo muzichapa chingwecho m'madzi ofunda ndi sopo wotsukira mbale. Chiyanikeni mpaka chiumiretu. M'nyengo yachifunga ino chimatha kuoneka chouma kunja chili chonyowa mkati, ndipo chingwe chonyowa chimasiya madzi pomwe munafuna kuwachotsa.

Vuto lachiwiri ndi kuduka. Chingwe chikakalamba chimadukira polumikizira kachingwe kowonda ndi nsalu yokhuthala, makamaka m'mipope yopapatiza ya .22 ndi 5.56mm, n'kusiya nsalu yothinana pakati pa mpope. Timawaya ta bulashi timakana kubwerera m'mbuyo, ndiye kuchotsa kwake n'kovuta. Musayese n'komwe kuichotsa poomba chipolopolo, chifukwa mpope wotsekeka umatupa kapena kuphulikira m'manja. Musaikhomenso ndi waya kapena msomali. Pitani ndi mfutiyo kwa mmisiri wa mfuti. Kupewa kwake n'kosavuta: yang'anani polumikizirapo nthawi iliyonse, ndipo ulusi ukayamba kuyoyoka tayani chingwecho.

Chimene BoreSnake siichita konse ndicho chofunika kwambiri kwathu kuno. Zipolopolo zambiri zakale za asilikali, za .303 ndi za 7.62mm, zili ndi kachipewa koyatsira onga kamene kamasiya mchere mumpope. Mcherewo umakoka chinyontho cha mumpweya, ndipo pakangopita tsiku limodzi kapena awiri mkati muli kale dzimbiri lofiira, lomwe likakhalitsa limaboola timaenje m'chitsulo. Mafuta sasungunula mchere, amangouphimba. Madzi otentha ndiwo amauchotsa: thirani kuchokera kuchemba ndi fanelo, mpope utaloza pansi, samalani kuti madzi asalowe m'thabwa la mfutiyo, ndipo kutentha kwa chitsulo kuthandiza kuumitsa. Kenako pitani ndi ndodo ndi tinsalu toyera touma, n'kumaliza ndi kansalu kamafuta. Kumaso kwa boti kumafunanso kupukuta komweko. Mukakoka BoreSnake mumpope wa mchere, mcherewo umakhala m'nsalu n'kusamukira kumfuti ina imene mudzatsuke nayo.

BoreSnake siichotsanso mkuwa umene zipolopolo zimasiya m'mizere ya mkati mwa mpope. Pamenepo pamafunika ndodo yathunthu yopanda zolumikiza, bulashi, ndi mankhwala osiyidwa mumpope kwa mphindi khumi kapena kuposerapo. Kansalu kakatuluka kobiriwira, mkuwa ukadalimo. Apa mpamene ndodo imaposera chingwe: kansalu koyera kamakuuzani zimene zili mkati, pomwe BoreSnake ikada siikuuzaninso kanthu. Chemba nachonso n'chachikulu kuposa mpope, choncho chingwe chimangochikhudza pang'ono, ndipo chemba chalitsiro n'chimene chimachititsa kuti chikhungwa cha chipolopolo chikane kutuluka. Ngati pisitolo yanu ndi yokutidwa ndi nikelo, musasiye Hoppe's No. 9 pamwamba pake nthawi yaitali.

Za mafuta, anthu ambiri amalakwa pochulutsa poopa dzimbiri. Mpope wa mfuti yosungidwa umafuna kansalu kamodzi konyowa pang'ono, osati kudontha. Mafuta ambiri mumpope amachititsa kuti chipolopolo choyamba chigwere kwina poyerekeza ndi zotsatira, ndipo pa mfuti yotetezera choyambacho n'chimene muyenera kuchikhulupirira. Musanaike zipolopolo, pukutani mpope ndi chemba ndi kansalu kouma. Mukatsuka kwambiri, kaombeni pamalo ovomerezeka zipolopolo zitatu mpaka zisanu, mfuti yaitali itatsamira pathumba la mchenga, muone ngati choyamba chagwera pamodzi ndi zinzake. Pa pisitolo monga Glock, kanjira ka singano yogunda chipolopolo kazikhala kouma. Mafuta akalowamo amasakanikirana ndi mwaye n'kukhala phala, singano imagunda mofooka, mfuti n'kungoti khe osalira.

M'sefa ikanimo timatumba ta silica gel toyamwa chinyontho, ndipo muzitiumitsa mu uvuni wofunda pang'ono tikakhuta chinyontho. Musasunge mfuti m'chikwama chasiponji kapena m'chikopa, chifukwa zonsezi zimagwira madzi n'kuwakanikiza pachitsulo. Sefa yotsamira khoma la simenti lozizira imachita thukuta mkati, ndiye ikani thabwa pakati. Kamodzi pamwezi, kapena kawiri m'nyengo yamvula, unikani mumpope ndi tochi kuchokera kuchemba, mfuti ili yopanda chipolopolo.

BoreSnake ndi yoyenera kugula, imodzi pa saizi iliyonse imene muli nayo, kuti muzipukutira mukangomaliza kuomba kapena mfuti ikanyowa. Koma ngati ndalama zikungokwana chinthu chimodzi, yambani ndi ndodo, bulashi ya saizi yanu, tinsalu toyera ndi botolo la mafuta a mfuti.