Tiyi wochepetsa thupi: sikelo imatsika, mafuta ali pomwepo

Timapaketi ta tiyi wochepetsa thupi tafala paliponse. Tikugulitsidwa pa Facebook ndi pa WhatsApp, m'masaluni, ngakhale m'maofesi momwe timatuluka m'zikwama za anzathu. Maina ndi ambirimbiri koma lonjezo ndi limodzi: imwani kapu imodzi pogona kwa milungu iwiri kapena inayi, mimba iphwa. Ife sitikulimbikitsa aliyense kugula tiyi ameneyu, ndipo chifukwa chake chili m'zimene anaikamo.

Mukatembenuza paketi n'kuwerenga kumbuyo, mwa ambiri mupezamo masamba a senna, amene ena amawalemba kuti Cassia angustifolia kapena Senna alexandrina. Zina zonse, monga jinja, mandimu ndi green tea, n'zongokometsera. Senna ndi mankhwala enieni, ndipo kuchipatala amaperekedwa kwa munthu wodzimbidwa, kwa masiku owerengeka. Amagwira ntchito m'matumbo aakulu: amawatakasa kuti azifinya mwamphamvu, komanso madzi amene akanabwerera m'thupi amatuluka ndi chimbudzi. Amayamba kugwira pakatha maola 6 mpaka 12, n'chifukwa chake ogulitsa amati muzimwa usiku. Kukacha m'mimba mumapotokola, munthu n'kuthamangira kuchimbudzi kawiri katatu. Patapita masiku angapo akakwera pa sikelo amapeza watsika kilo imodzi kapena ziwiri, mimba yalowa pang'ono, ndiye amauza anzake kuti tiyi uja ngwamphamvu. Chimene chatuluka ndi madzi ndi zotsalira za chakudya. Akasiya kumwa, sabata isanathe kulemera kuja kwabwerera.

Mafuta sakhala m'matumbo moti n'kuwatsuka. Nsima, mpunga, buledi ndi mandasi zikagayika zimasanduka shuga, ndipo shugayo amalowa m'magazi kudzera m'matumbo aang'ono. Kapamba amatulutsa insulini, imene imalowetsa shuga m'maselo kuti munthu apeze mphamvu. Wotsala amasungidwa kaye ngati glycogen, pafupifupi magalamu 100 m'chiwindi ndi 400 m'minofu. Nkhokwe imeneyi ndi yaing'ono, ndipo kwa munthu wongokhala pampando tsiku lonse sichedwa kudzaza. Ikadzaza, chiwindi chimayamba kusandutsa shuga wotsala kukhala mafuta. Mafuta a m'zakudya, monga a mu tchipisi cha pachiwaya, zigege ndi nyama yonona, ndiye savuta n'komwe kusunga: magazi amangowanyamula kukawatula m'maselo amafuta. Maselowo amafufuma, ndipo akakhuta thupi limapanga ena. Insulini ikakhala yokwera imaletsanso mafuta osungidwa kutuluka. Munthu amene amayamba tsiku ndi tiyi wa masipuni anayi a shuga, masana chakumwa chozizira, madzulo mitanda itatu ya nsima ya ufa woyera, thupi lake limakhalira kusunga.

Tsono senna amagwira kumapeto kwa njira, chakudya chitayamwidwa kale m'matumbo aang'ono. Kilo imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga ma calorie (muyezo wa mphamvu za m'chakudya) pafupifupi 7,700, ndipo imachoka pokhapokha thupi litaigwiritsa ntchito chifukwa chakudya cholowa chachepa poyerekeza ndi mphamvu zimene munthu akuwononga. Mafuta akapsa, pa makilo 10 aliwonse oposa 8 amatuluka ngati mpweya woipa tikamapuma, otsalawo amasanduka madzi. Palibe tiyi wotsekula m'mimba amene amafika pamenepo.

Akanakhala kuti amangodya ndalama tikanati basi. Vuto ndi loti kutsekula m'mimba tsiku ndi tsiku kumataya potassium, mchere umene mtima ndi minofu zimadalira. Akachepa, munthu amafooka, miyendo imakokana, mtima umagunda modumphadumpha. Ngozi imakula kwa amene akumwa hydrochlorothiazide kapena furosemide chifukwa cha BP kapena mtima, popeza mankhwala amenewa amatayitsanso potassium m'mikodzo, ndiponso kwa amene ali pa mankhwala a mtima otchedwa digoxin. Amayi amene akumwa mapiritsi olerera adziwe kuti kutsekula m'mimba kwambiri kungachepetse mphamvu ya mapiritsiwo. Oyembekezera, oyamwitsa, odwala impso ndi amene ali pa ma ARV asamwe asanafunse adokotala. Ndipo amene wamwa kwa miyezi, akasiya amadzimbidwa kwa masiku, n'kuganiza kuti thupi lake silingayende popanda tiyi uja, ndiye amagulanso.

Choopsa kuposa zonse ndi paketi yosalemba zimene zili m'kati, kapena yongoti "zachilengedwe zokhazokha". M'mayiko ambiri, mankhwala ochepetsa thupi otchedwa achilengedwe akhala akupezeka atasakanizidwa mobisa ndi sibutramine, mankhwala ochepetsa njala amene anachotsedwa pamsika ku Ulaya ndi ku America mu 2010 chifukwa ankawonjezera ngozi ya matenda a mtima ndi sitiroko. Ngati mwamwa tiyi kapena makapisozi otere n'kumamva mtima kuthamanga, kukamwa kuuma, tulo osabwera, njala itatheratu, siyani tsiku lomwelo ndipo mukayezetse BP. Tengani paketiyo mukaonetse kuchipatala. Kuno ku Malawi bungwe loyang'anira mankhwala ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority (PMRA).

Koma amene amagula tiyiyu sakulakwa kudera nkhawa mimba yawo, ngakhale kwathu kuno ambiri timaiona ngati umboni woti zinthu zikuyenda. Mafuta a m'ntchafu ndi m'matako savuta kwambiri. Ovuta ndi a m'kati mwa mimba, okuta matumbo ndi chiwindi, amene simungawatsine ndi zala. Zimene amatulutsa zimapita m'mtsempha wolunjika kuchiwindi, chiwindi n'kuyamba kuunjika mafuta, maselo n'kusiya kumvera insulini. Kapamba amalimbikira kwa zaka, kenako amatopa, shuga n'kukwera. Matenda a shuga a akuluakulu amayamba choncho, ndipo kawirikawiri amabwera limodzi ndi kuthamanga kwa magazi. Munthu woonda manja ndi miyendo koma wa chimimba ali pa ngozi yomweyi.

Chida chothandiza apa ndi tepi ya telala. Imirirani m'mawa musanadye, pezani pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno, chakumtunda pang'ono kwa mchombo, tulutsani mpweya mwachizolowezi osakoka mimba, yezani. Abambo akafika masentimita 94, amayi 80, ngozi yayamba kukwera. Njira ina yosavuta: muyezowo usapitirire theka la msinkhu wanu, choncho wa masentimita 160 akhale pansi pa 80. Yezani kamodzi pa mwezi, chifukwa tepi sinyengeka ndi madzi monga sikelo.

Pochepetsa, yambani ndi zakumwa. Botolo la Coca-Cola la mamililita 300 lili ndi shuga pafupifupi magalamu 32, amene ndi masipuni aang'ono 8, pamene bungwe la WHO limati munthu wamkulu asafike pa magalamu pafupifupi 50 tsiku lonse. Sipuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ili ndi ma calorie pafupifupi 120, choncho muziyeza ndi sipuni m'malo mongopendeketsa botolo mumphika. Chotsani mtanda umodzi, malo ake muike nyemba ndi masamba, ndipo mgaiwa umakhalitsa m'mimba kusiyana ndi ufa woyera. Yendani ndawala mphindi 150 pa sabata. Kutsika theka la kilo pa sabata n'kokwanira, ndipo munthu wa makilo 90 akatsika 5 mpaka 9 okha, shuga ndi BP kawirikawiri zimatsika nawo. Amene tepi yapitirira malire aja, makamaka ngati m'banja mwawo muli odwala shuga, apite akayezetse shuga m'mawa asanadye kanthu.