Cooler yowonjezera ya giyabokosi ya otomatiki: yesani kaye musanagule

Galimoto ya otomatiki ikayamba kununkha oyilo wopserera pokwera mtunda wautali, kapena nyali ya A/T OIL TEMP ikayaka pa dashibodi, ambiri amathamangira kugula cooler yowonjezera. Ndi kachipangizo ka aluminiyamu kooneka ngati karadiyeta, komangidwa kutsogolo kwa radiyeta yeniyeni kuti mphepo iziziziritsa oyilo wa giyabokosi. Makampani monga Hayden, B&M, Derale ndi Tru-Cool amaigulitsa m'bokosi limodzi ndi paipi ya labala, makilampu ndi timapulasitiki tomangira. Chipangizochi nchabwino, ndipo pa galimoto yoyenera kutentha kumatsika moonekeratu. Koma chimachiza kutentha kwa mtundu umodzi wokha, kobwera chifukwa cha ntchito yolemetsa. Giyabokosi yomwe ikudzidya yokha m'kati, cooler imangobisa matendawo mpaka tsiku lomwe galimoto idzakane kusuntha.

Kutentha kochuluka kumachokera mu torque converter, chipangizo chodzaza oyilo chomwe chili pakati pa injini ndi giyabokosi. M'menemo injini sikoka magiya ndi chitsulo ayi, imakankha oyilo, oyiloyo ndiye amatembenuza mbali ina. Mbali ziwirizi zikamazungulira pa liwiro losiyana, mphamvu yotayikayo imasanduka moto. Galimoto ikafika liwiro lokhazikika, kilachi ya lock-up imagwira n'kumangiriza mbali ziwirizo pamodzi, kutentha n'kutsika. N'chifukwa chake giyabokosi imavutika kwambiri pa mtunda wokwera pang'onopang'ono ndi katundu, pokoka telela, mumchenga, komanso pa mdipiti wa magalimoto, pomwe lock-up sigwira ndipo mphepo yolowa kutsogolo ndi yochepa. Oyilo wa giyabokosi amagwira bwino ntchito pakati pa madigiri 80 ndi 95. Akamakhalitsa pamwamba pa 120 amapsa msanga, amasiya utoto wabulauni pa mavalavu, ma seal a labala amauma n'kuyamba kutulutsa presha, kenako makilachi amaterereka, ndipo kuterereka kumabalanso moto wina.

Choncho musanatsegule bokosi la cooler, yambani ndi oyilo. Pa galimoto zambiri zokhala ndi dipstick, kachitsulo koyezera kuchuluka kwa oyilo, mumayeza injini ikulira, itatentha, galimoto itaima pamalo osapendekeka, mutadutsa magiya onse n'kubwerera pa P. Ma Honda ambiri akale amayezedwa injini itangozimitsidwa kumene. Magiyabokosi atsopano ambiri alibe dipstick, ali ndi bawuti yoyezera pa sampu (beseni la pansi momwe mumakhala oyilo), ndipo muyezo wake umalondola pokhapokha oyilo ali pa kutentha komwe kwalembedwa m'buku la galimotoyo. Oyilo wochepa amachititsa pampu kuyamwa mpweya. Wodzaza mopitirira amapunthidwa ndi magiya n'kuchita thovu, ndipo thovu silinyamula presha kapena kutentha. Zonse ziwiri zimawotcha giyabokosi, ndipo palibe cooler yomwe ingakonze.

Donthezani pang'ono pa pepala loyera. Wofiira wowala kapena wabulauni pang'ono ali bwino. Wakuda, wonunkha ngati chinthu chopserera, wokhala ndi timchenga takuda pakati pa zala, ndiye kuti makilachi ayamba kunyenyeka. Akakhala wa pinki wokhuthala ngati mkaka, imani pomwepo: cooler ya m'kati mwa radiyeta, kachubu komwe oyilo amadutsamo kuti azizire, yabooka, madzi a injini alowa mu oyilo. Madzi amasungunula guluu womatira mapepala a makilachi, ndiye apa pofunika radiyeta ina ndi kutsuka mapaipi, ndipo kawirikawiri giyabokosiyo imafunika kutsegulidwa.

Kenako lumikizani sikana ya OBD2 (kamakina kowerenga kompyuta ya galimoto) yomwe imatha kuwerenga kutentha kwa oyilo wa giyabokosi, chifukwa tisikana tambiri totchipa timangoonetsa za injini. Nambala ya vuto P0218 ikutanthauza kuti giyabokosi inatentha mopitirira. P0741 ikunena kuti lock-up sikugwira bwino, ndipo iyi ikapezeka, vuto lili pa solenoid (valavu yoyendera magetsi), pa valve body (bokosi la mavalavu ogawa oyilo) kapena mu converter momwemo. Manambala a P0711 mpaka P0713 ndi a sensa yoyeza kutentha. Sensa yakufa imatha kuyatsa nyali giyabokosi ili yozizira bwinobwino. Chizindikiro chake n'chosavuta: m'mawa, galimoto itagona usiku wonse, kutentha kwa oyilo wa giyabokosi ndi kwa madzi a injini kuyenera kufanana kapena kusiyana pang'ono chabe.

Lock-up mutha kuiyesanso pa msewu. Yendani pa liwiro lokhazikika la makilomita 80 pa ola, injini itatentha, maso pa singano ya RPM yoonetsa kuzungulira kwa injini. Pondani mafuta pang'ono. Ngati lock-up yagwira, singano imakwera limodzi ndi liwiro. Ikalumpha yokha liwiro lisanasinthe, kapena ikamavinavina phazi lili pamodzimodzi, pali kuterereka. Galimoto yotero isagulidwire cooler, ndalamazo zipite kwa makaniko wa magiyabokosi.

Musaiwalenso mbali ya injini. Oyilo wa giyabokosi amazizira podutsa m'kachubu komwe kali m'thanki ya radiyeta, ndiye fani ikafa, radiyeta ikatsekeka ndi matope, kapena thermostat ikamata, giyabokosi imatentha limodzi ndi injini. Mapaipi opita ku radiyeta nawonso amaphwanyika kapena kutsekeka. Kuti mudziwe, masulani paipi yobwerera ku giyabokosi, muilozetse m'chigubu choyezera, wina alize injini kwa kanthawi kochepa. Muyezo womwe amakaniko ambiri amatsatira ndi pafupifupi lita imodzi pa masekondi 20, oyilo akutuluka mosadukiza. Musapitirire apo, sampu ingaume, ndipo bwezerani zonse zomwe zatuluka.

Zonsezi zikakhala bwino koma sikana ikuonetsabe madigiri 110 kapena 120 pa mtunda ndi katundu, apo ndiye pomwe cooler yowonjezera imaonetsa phindu lake.

Ma cooler amenewa alipo a mitundu itatu. Ya tube-and-fin ndi paipi imodzi yokhotakhota yokhala ndi timapiko. Ndi yotchipa, yopepuka, yosavuta kutsuka, koma imafuna kukula kuti iziziritse mokwanira. Ya plate-and-fin, monga Rapid-Cool ya Hayden, imagawa oyilo m'timbale tambiri topyapyala, choncho pa kukula kofanana imachotsa moto wochuluka. Ya stacked plate, monga SuperCooler ya B&M, ndi yokhuthala ndi yolimba kuposa zonse, sipindika msanga ndi timiyala. Kwa galimoto wamba yonyamula katundu nthawi ndi nthawi, plate-and-fin yapakatikati ndi yokwana. Yokoka telela kawirikawiri ikufunika stacked plate. Choipa cha mitundu iwiri yomalizayi n'chakuti giyabokosi ikafa, tizidutswa tachitsulo timabisala m'timbalemo ndipo sitituluka tonse ngakhale mutatsuka. Poika giyabokosi ina, cooler yakaleyo itayidwe.

Manambala a kulemera kwa galimoto olembedwa pa bokosi musawakhulupirire kwambiri, kampani iliyonse imawerengera mwa njira yake. Yezani malo omwe alipo kuseri kwa bampala, musankhe yomwe ingakwane pomwe mphepo imawomba mwachindunji popanda kutsekereza radiyeta yonse.

Za m'bokosi zina n'zabwino, zina ayi. Paipi ya makampani odziwika imakhala yoyenera oyilo wotentha. Ikaperewera, gulani yolembedwa kuti ndi ya transmission oil cooler, osati paipi ya petulo kapena ya madzi, chifukwa izo zimafewa ndi kufufuma, tsiku lina n'kuphulika pa msewu. Onaninso kukula kwake: galimoto zambiri zili ndi mapaipi a mamilimita 8 kapena 10, ndipo paipi yaikulu pa kamwa laling'ono imadontha ngakhale mumange bwanji. Makilampu a m'bokosi nthawi zambiri ndi a sikuluu okhala ndi timipata, omwe amadula labala mukamangitsa. Ndi bwino kusinthitsa ndi osalala m'kati, a mtundu wa fuel injection.

Chokhumudwitsa kwambiri ndi timapulasitiki tomangira. Malangizo amati mutilowetse pakati pa timapiko ta kondensa ya AC kapena radiyeta, muike kasiponji, mukoke n'kudula. Ntchitoyo imatha msanga, inde, koma kulemera kwa cooler yodzaza oyilo kumatsamira pa timachubu topyapyala ta aluminiyamu, ndipo pa msewu wa mabampu kapulasitikiko kamacheka pang'onopang'ono mpaka gasi wa AC kapena madzi ayambe kutuluka. Tizitsulo tiwiri kapena titatu tomangira pa fulemu ya kutsogolo timathetsa vutoli. Siyani mpata wa chala chimodzi pakati pa cooler ndi kondensa kuti zisakhulane.

Polumikiza, cooler yatsopano ikhale pambuyo pa ya m'radiyeta: oyilo achoke ku giyabokosi, alowe mu radiyeta, atuluke, adutse mu cooler yowonjezera, kenako abwerere. Mukasemphanitsa, radiyeta imatenthetsanso oyilo yemwe mwangomuziziritsa. Paipi yobwerera mumaidziwa pomasula paipi imodzi pa radiyeta n'kuliza injini masekondi awiri kapena atatu. Ngati oyilo akutuluka ku kamwa la radiyeta, ndi yomweyo. Ena amadumphiratu radiyeta poopa kuti madzi angadzasakanikirane ndi oyilo. Zimatheka, koma mumataya zinthu ziwiri: madzi amaziziritsa ngakhale galimoto itaima pomwe palibe mphepo, komanso amathandiza oyilo kufunda msanga m'mawa. Kumadera ozizira kwambiri pamafunikanso valavu ya thermostat yolambalalitsa cooler, chifukwa oyilo wozizira amachedwetsa lock-up ndipo galimoto imamwa mafuta ambiri.

Makamwa a cooler ya timbale aloze m'mbali kapena m'mwamba, osati pansi, kuopa kuti mpweya ungakodwe pamwamba, theka la timbale n'kukhala louma. Akaloza m'mbali, oyilo alowere pansi, atulukire pamwamba. Ngati mwadula paipi yachitsulo, kukamwa kwake kufutukulidwe pang'ono ndi flaring tool kuti labala isavuke, ndipo muike makilampu awiri. Paipi isapindike mothina, isayandikire ekizozi, isakhudze m'mphepete mwa chitsulo chakuthwa.

Cooler ndi mapaipi ake zimameza oyilo wina, kawirikawiri osafika theka la lita, ndiye yezaninso mukamaliza. Onjezerani wa mtundu womwe wopanga galimoto analamula: WS pa ma Toyota ambiri atsopano, DW-1 pa Honda, SP-III pa ma Mitsubishi ndi Hyundai akale, Dexron VI pomwe walembedwa. CVT, giyabokosi ya otomatiki yoyendera lamba, ili ndi oyilo wakewake, monga NS-2 kapena NS-3 pa Nissan, ndipo oyilo wamba wa otomatiki (ATF) amawononga lamba wake. Ma CVT ambiri alibenso mapaipi a oyilo opita ku radiyeta, amazizira ndi kachitini ka madzi komangidwa pa giyabokosi pomwepo, choncho bokosi la cooler wamba silikwana popanda adaputala yotulutsira oyilo kunja. Funsani zimenezi musanalipire.

Mukamanga, bwererani pa mtunda womwewo ndi katundu yemweyo, sikana ili yolumikiza, muyerekeze manambala ndi aja a poyamba. Ngati kutentha kukukwerabe ngati kale, vuto lili m'kati mwa giyabokosi. Pakatha masiku angapo, injini itazizira, pitani ndi pepala loyera pa kilampu iliyonse, mupukute pansi pake, mumangitsenso pang'ono, popeza labala yatsopano imaphwa ikatentha ndi kuzizira kangapo.