Windy: yabwino potsata namondwe, koma musaidalire pa mvula ya pamudzi panu

Windy ndi pulogalamu yoonetsa zanyengo ya pafoni ndi pakompyuta imene inayambira ku Czech Republic mu 2014. Siilosera yokha ayi. Imatenga zolosera za ECMWF ya ku Ulaya, GFS ya ku America ndi ICON ya ku Germany n'kuzijambula pamapu, mphepo ikuoneka ikuyenda ngati timizere.

Mukangoitsegula, onani kaye muyeso wa liwiro. Ngati uli pa kt, sinthani ukhale km/h, chifukwa kt imodzi ndi pafupifupi 1.85 km/h, ndipo mphepo ya 30 kt si yocheza nayo. Kenako kwezani msinkhu kuchoka pansi kufika pa 850 hPa, pafupifupi mamita 1,500 m'mwamba kuyezera pa nyanja yamchere. Pansi mphepo imasokonezedwa ndi mapiri ndi mitengo, pomwe pa 850 mumaona bwino chinyezi chochokera ku Congo chikukumana ndi mphepo ya ku nyanja ya Indian, pamene mvula ya dzinja imabadwira. Yatsaninso mizere ya pressure, yoonetsa kulemera kwa mpweya. Ikathithikana mozungulira pakati pa Mozambique ndi Madagascar, mphepo n'kumazungulira ngati mivi ya wotchi, dziwani kuti namondwe akupangika, monga anachitira Idai mu 2019. Apa m'pamene Windy imaposa mapulogalamu ongoonetsa kadzuwa ndi kamtambo. Mwera wa panyanja ndi chiperoni cha mu June ndi July zimaonekanso kukadali masiku.

Vuto lili pa mvula ya mabingu. ECMWF imagawa dziko m'mabwalo a makilomita 9, GFS okulirapo, koma mtambo wa bingu ukhoza kukhala wocheperapo kuposa bwalo limodzi. Phiri la Mulanje nalo limaphwathalala m'masamu amenewa, motero mamilimita a mvula amene Windy yalemba pa Phalombe kapena Thyolo musawatenge ngati lonjezo. Yerekezani zolosera zonse zitatu: zikagwirizana pa masiku atatu akubwerawa, khulupirirani, zikasiyana, kapena tsikulo lili kutali kupitirira sabata, dikirani. Chithunzi cha satellite ndicho chimaonetsa mitambo imene ilipodi.

Windy yaulere imakwanira anthu ambiri. Yolipira imawonjezera zinthu monga zolosera za ola ndi ola komanso kuzikonzanso pafupipafupi. Timizere toyenda tija timadya batire, choncho tizimitseni batire ikachepa, ndipo mapu amadya bandulo. Machenjezo a kusefukira kwa madzi ndi osamutsa anthu mverani a nthambi yoona zanyengo ndi DoDMA, nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi.