GPS yomata pa galasi la galimoto: pamene imathandiza ndi pamene imasokeretsa

Chiyambireni mafoni kulondolera njira, ambiri amaona ngati kachipangizo ka GPS komata pa galasi lakutsogolo, ka Garmin kapena TomTom, kanatha ntchito. Kwa munthu amene amangozungulira m'tauni, n'zomveka ndithu. Koma kwa woyendetsa lole, kapena aliyense woyenda mitunda italiitali kumene netiweki imadukaduka, kachipangizoka kakadali kothandiza kwambiri. Chofunika kumvetsa musanagule n'chakuti kamadziwa bwino pamene muli, koma za msewu kamangodziwa zimene zinalembedwa m'mapu ake. Mavuto ake aakulu amayambira pamenepa.

Kachipangizoka sikatumiza kanthu kumwamba, kamangomvetsera. Masetilaiti a GPS, omwe ndi a dziko la America, ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,200 kuchokera pansi, ndipo iliyonse imazungulira dziko kawiri pa tsiku, uku ikuulutsa nthawi ndi malo amene ili. Kachipangizo kamawerengera nthawi imene uthengawo watenga kuti ufike, ndipo kakamva masetilaiti osachepera 4 kamapeza malo anu. N'chifukwa chake sikafuna kadi ya foni, data, kapena ndalama ya mwezi ndi mwezi. Mpaka mu May 2000 boma la America linkasokoneza dala uthengawu kwa anthu wamba, moti chipangizo chinkatha kuphonya ndi mamita 100. Litasiya zimenezi, kuphonyako kunatsika kufika pa mamita ochepa chabe ngati muli pamalo poyera, ndipo mu 2004 kachipangizo ka m'galimoto ka TomTom GO kanatuluka. Zina mwa zipangizo zatsopano zimamvanso masetilaiti a Galileo a ku Ulaya kapena GLONASS a Russia, zomwe zimathandiza pamene thambo likuoneka pang'ono.

Ubwino waukulu ndi wakuti mapu onse amakhala m'kati. Netiweki ikatha, kapena mukawoloka malire n'kuopa mtengo wa data wa dziko lina, iko kamapitiriza ngati palibe chimene chasintha, bola mapu a dzikolo alimo. Foni nayo imasunga mapu, inde, koma pamafunika kukumbukira kuwakopera musananyamuke, dera ndi dera, ndipo ambiri amakumbukira atasochera kale. Komanso kachipangizoka kali ndi ntchito imodzi yokha. Palibe amene angakuimbireni pomwe mukuyandikira mphambano yovuta, palibe uthenga wotseka mapu, ndipo foni yanu imatsala ndi moto wokwanira kuimbira thandizo galimoto ikafa. Sikirini ya mainchesi 5 imakwanira pa galimoto yaing'ono. Ya mainchesi 7 ndi yabwino mu lole, momwe galasi lili patali ndi maso, koma m'galimoto yaing'ono imatchinga msewu. Pa misewu ikuluikulu ya mizere yambiri, chithunzi chosonyeza mzere woyenera kulowamo musanafike popatukira ndi chimene chimapulumutsa dalaivala wachilendo, chifukwa kukhota mwadzidzidzi pa liwiro lalikulu ndiko kumabweretsa ngozi.

Kwa oyendetsa malole ndi mabasi, apa ndi pamene ndalama imabwerera. Zipangizo monga Garmin dēzl kapena TomTom GO Expert zimakulolani kulemba msinkhu, kutalika, m'lifupi ndi kulemera kwa galimoto, ngakhalenso ngati mwanyamula katundu woopsa. Zikatero zimapewa milatho yaifupi yodutsa pamwamba pa msewu ndi misewu yoletsa magalimoto olemera. Lembani msinkhu wa galimoto itapakira, osati wa m'buku, ndipo musinthe mukakoka ngolo ina. Koma chitetezochi chimagwira pokhapokha ngati msinkhu wa mlathowo unalembedwa m'mapu. M'mayiko amene zimenezi sizinalembedwe mokwanira, chipangizo chimangokhala chete, ndipo dalaivala amaganiza kuti kukhala chete kukutanthauza kuti njira ili bwino. Chikwangwani cha pa mlatho ndicho choyenera kumvera.

Liwiro limene kamasonyeza nthawi zambiri limatsika pang'ono poyerekeza ndi geji ya galimoto. Si kulakwa kwa kachipangizo. Opanga magalimoto amatchera geji kuti izionetsa mopitirira pang'ono, ndipo pa msewu wowongoka, pa liwiro losasinthasintha, la GPS ndilo limayandikira zenizeni.

Tsopano mapu. Msewu watsopano, mlatho wokokoloka, msewu umene wasanduka wolowera mbali imodzi, zonsezi kachipangizo sikazidziwa mpaka mutakatsitsira mapu atsopano. Zipangizo zakale zimafuna kompyuta ndi pulogalamu ya Garmin Express kapena MyDrive Connect ya TomTom, pomwe zatsopano zimachita zokha pa Wi-Fi. Mapu ndi aakulu, amatha kufika magigabaiti angapo, choncho yambani madzulo, kachipangizo kali pa moto, osati m'mawa wa ulendo. Mukakazula pakati mapu amatha kuwonongeka, n'kuyamba kuonetsa kagalimoto koyandama pa sikirini yopanda misewu. Malo osungira akachepa, ikani kadi ya microSD. Mawu akuti mapu aulere kwa moyo wonse asakunamizeni: akunena moyo wa chipangizo monga kampani yaonera, ndipo zipangizo zakale zimene sizingathenso kunyamula mapu amakono zimasiyidwa. Pa Garmin pali mwayi wina, woika mapu aulere ochokera ku OpenStreetMap (mapu a pa intaneti ojambulidwa ndi anthu odzipereka) pa kadi, omwe m'madera ena akumidzi amakhala ndi tinjira tambiri kuposa ogula, ngakhale kuti ubwino wake umatengera anthu amene anajambula deralo.

Kusochera kwambiri kumabwera ndi kasankhidwe ka njira. Mukasankha njira yaifupi kwambiri, kachipangizo kamangowerenga makilomita, ndipo kadzakuchotsani pa msewu wa tala n'kukulowetsani m'kanjira ka fumbi kokwera phiri chifukwa kafupika ndi makilomita awiri. Sankhani njira yofulumira, ndipo m'makonzedwe muuze kuti kapewe misewu yopanda tala ngati galimoto yanu ndi yotsika. Ngakhale mutatero, msewu ukalembedwa molakwika m'mapu kadzakupititsaniko basi, ndipo sikadziwa kuti mvula ya usiku yadzaza mtsinje. Musananyamuke, chepetsani mapu kuti muone ulendo wonse ndi matauni amene mudutsemo. Ndi ntchito ya mphindi imodzi, koma ndi imene imagwira cholakwika cha mayina ofanana, pamene mwasankha mudzi wa dzina lomwelo m'chigawo china.

Kumalo opanda mayina a misewu mumalemba manambala a malo, ndipo apa pali msampha umene ambiri sauona. Manambalawa amalembedwa m'njira zingapo. Madigiri 15.30 si chimodzimodzi ndi madigiri 15 ndi maminiti 30, chifukwa digiri imodzi ili ndi maminiti 60, ndiye achiwiriwa ndi madigiri 15.5. Digiri imodzi kulowera kumpoto kapena kumwera ndi makilomita pafupifupi 111, ndiye kusiyana kwa 0.2 kumeneko ndi makilomita 22. Onani kalembedwe kamene mwapatsidwa, musinthe kachipangizo kuti kagwirizane nako, ndipo musaiwale S kapena chizindikiro chochotsera ngati malowo ali kumwera kwa Equator.

Kukayatsa patapita masabata, kapena kutali ndi kumene kanazimitsidwa, kamachedwa kupeza masetilaiti. Uthenga wa GPS umayenda pang'onopang'ono kwambiri, mabiti 50 pa sekondi. Kumva za setilaiti imodzi kumatenga masekondi pafupifupi 30 osadukiza, ndipo ndandanda ya masetilaiti onse imatenga mphindi 12 ndi theka. Mukanyamuka nthawi yomweyo, mitengo ndi nyumba zimadula uthengawo n'kuyambiranso. Imani poyera mphindi zochepa, kadzagwira msanga. Pakati pa nyumba zitalizitali uthenga umagunda makoma n'kufika mochedwa, moti kagalimoto ka pa sikirini kamalumphira mu msewu woyandikana nawo. Mu msewu wodutsa pansi pa phiri kamangoyerekeza kapena kuima. Magalimoto ena ali ndi galasi lakutsogolo lokutidwa ndi kachitsulo kobweza kutentha, lomwe limatchinganso GPS. Nthawi zambiri pamasiyidwa kagawo kosakutidwa pafupi ndi galasi loonera kumbuyo, ndipo njira yosavuta yodziwira ndi kuyatsa kachipangizo kunja kwa galimoto n'kuona ngati kakugwira msanga.

Batire ndi lofooka. Zipangizo zambiri zimakhala pafupifupi ola limodzi popanda chingwe, ndipo dzuwa la pa galasi limalipha msanga, mwinanso kulitupitsa. Musakasiye pa dashibodi galimoto itaima padzuwa. Chingwe chake chimalowa pa soketi ya mavoti 12 n'kutsitsa moto kufika pa 5. Kachipangizo kakasiya kutchaja, yambani mwaona fyuzi ya soketiyo ndi kafyuzi kakang'ono kamene kamakhala kumutu kwa zingwe zina, musanaganize kuti kafa. Ma Garmin akale okhala ndi polowetsera chingwe pa mtundu wa mini-USB mukawalumikiza ndi chingwe wamba amaona ngati mwawalumikiza ku kompyuta, n'kukana kuonetsa mapu. Mu lole ya mavoti 24 onetsetsani kuti chingwecho chinalembedwa kuti chimalola.

Chomatira cha mphira chimagwa ngati galasi lili ndi fumbi kapena mafuta, komanso mphirayo ikauma ndi dzuwa. Pukutani galasi ndi kansalu konyowa ndi spiriti, lisiyeni liume, kanikizani, kenako tsekani kachitsekerero kake. Kamateni m'munsi chakungodya, posatchinga msewu komanso kutali ndi potulukira chikwama cha mpweya cha ngozi. Mukatsika chotsani zonse ndi kupukuta kamzere kozungulira kotsala pa galasi, chifukwa akuba amadziwa tanthauzo lake. Malo osungidwa pa dzina lakuti kunyumba ndi bwino akhale mphambano yapafupi, osati pakhomo penipeni.

Pa nkhani ya kuthithikana kwa magalimoto foni imapambana kutalitali. Mapulogalamu a pa foni a Google Maps ndi Waze amaona mmene mafoni ambirimbiri akuyendera nthawi yomweyo. Kachipangizoka kamadalira mawayilesi a FM, m'mayiko okhawo amene amaulutsa uthenga wotere, kapena kamapempha data ku foni yanu kudzera pa Bluetooth. Machenjezo a makamera ogwira othamanga nawonso n'ngofunika kusamala nawo, popeza ku Germany ndi ku Switzerland saloledwa, ndipo muyenera kuwazimitsa musanalowe.

Mukamagula kogwiritsidwa kale ntchito, kayatseni panja muone ngati kagwira masetilaiti m'mphindi zochepa, kazuleni pa moto muone ngati sikazima pompo, ndipo tsegulani pamene pamalembedwa za mapu muone chaka chake ndi mayiko amene alimo. Onaninso tsiku ndi nthawi. Pa 6 April 2019 kawerengedwe ka masabata ka GPS kanabwerera pa ziro, ndipo zipangizo zina zakale zimene sizinalandire pulogalamu yatsopano zimaonetsa nthawi yolakwika, zomwe zimasokoneza nthawi yofikira komanso kusintha kwa sikirini pakati pa usana ndi usiku. Ngati kampani inasiya kale kukonzera mtundu umenewo, kasiyeni ngakhale katchipe bwanji.