Foni, DSLR yakaunjika kapena P900: ya ife opuma pantchito ndi iti?

Anzanga amene tinapuma nawo pantchito akhala akundifunsa kuti agule kamera yanji, ati aona zithunzi za nkhwazi ndi mvuu zimene ndimaika pa Facebook. Ndiyankhe onse pano.

Foni imakwanira pojambula malambe, dzuwa likulowa ku Cape Maclear ndi zidzukulu zikusewera pamchenga. Koma nkhwazi ikatera pamwamba pa mtengo ku Thumbi imatuluka kadontho chabe, ndipo kusendera pafupi ndi mvuu pa Shire kuti ikwane pafoni n'kuika moyo pachiswe.

DSLR yakaunjika, kamera yaikulu yosinthasintha malenzi, ndi imene inandipweteka mtima. Kamera yakeyo siyodula kwenikweni, chodula ndi lenzi. Kalenzi ka 18-55mm kamene amakupatsirani limodzi n'kojambulira maukwati. Mbalame zimafuna 300mm kupita m'tsogolo, ndiye mubwererenso m'thumba. Ine ndinagula lenzi yotero kwa munthu wina ku Blantyre amene analumbira kuti ilibe vuto. Nditapita nayo ku Liwonde zithunzi zonse zinatuluka zotuwa, njovu osaoneka makwinya. Wokonza makamera anangowalitsa tochi m'katimo n'kundionetsa timizere toyera ngati ukonde wa kangaude. Chinali chuku. Chikakhalitsa chimadya khungu lopaka pagalasi, moti ngakhale atsegule n'kupukuta, zipsera zimatsala. Ndalama za penshoni zinapita, wogulitsa uja foni osayankhanso.

Chuku chimenechi kuno kunyanja musachitenge mopepuka. Kuyambira Disembala mpaka Malichi chinyezi chimachuluka, ndipo lenzi yosungidwa m'chikwama chansalu m'kabati yamdima imagwidwa msanga. Muziiika m'bokosi lapulasitiki lotseka bwino, muli timapaketi ta silica gel toyamwa chinyezi. Pogula yakaunjika tengani tochi yanu, chotsani zotsekera mbali zonse ziwiri, muyang'ane nokha musanapereke ndalama. Pa kamera yakeyo mufunsenso shutter count, chiwerengero cha zithunzi zimene yajambula kale.

Sindikana, DSLR yabwinobwino imaposa zonse kukongola kwa chithunzi, makamaka m'bandakucha. Komatu posintha lenzi nthawi ya mwera, mchenga ndi fumbi zimalowa.

Panopa ndili ndi Nikon Coolpix P900, imene inatuluka mu 2015. Lenzi yake ndi yomatirira, simugula ina, ndipo imakoka zakutali ngati lenzi ya 2000mm. Ndili m'boti pa Malombe ndimajambula diso la kakowa osamudzidzimutsa. Kulemera kwake sikufika kilogalamu imodzi, chinthu chofunika kwa ife amene mapewa ayamba kudandaula. Imatchajidwa ndi chingwe cha USB, ndiye magetsi akazima power bank imagwira ntchito.

Zofooka ilinazo. Sensa yake, kachipangizo kolandira kuwala m'kati mwa kamera, ndi yaing'ono, choncho kukachita mdima zithunzi zimatuluka ndi timadontho. Nkhwazi ikamatsika kudzatola nsomba imene anyamata amaboti aponya, kamerayi imachedwa kuipeza, ndipo nthawi zambiri mumatsala ndi madzi okhaokha. RAW, mtundu wa failo umene umasunga zonse za chithunzi kuti mudzachikonze pakompyuta, ilibe; ofuna zimenezo aone Nikon Coolpix P950.

Kwa munthu woyamba kumene, amene akufuna kuona akambuku othamanga aja, cheetah, amene bungwe loyang'anira mapaki la African Parks linabweretsa ku Liwonde mu 2017, kapena mikango ya 2018, ine ndikuti P900 kapena P950. Ndalama yotsalayo mugulire batire lachiwiri, ndi kulipirira boti ndi polowera kupaki.